Galimoto ya ababa ndi ulendo wa ku Dedza

Lolemba lapitali ndinaba makiyi a galimoto ya bambo anga. Ndikuulula pano pamaso panu, awerengi anga, chifukwa mpaka lero mtima sunakhale pansi, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino kapena ndinapalamula.

Ababa, monga timawaitanira kuno ku Bindura, m'dziko limene kumudzi amati Halale, amapita kuchipatala Lolemba loyamba la mwezi kukatenga mankhwala a chifuwa. Chifuwacho ndi cha mumgodi, fumbi limene anameza zaka zonse zimene ankagwira ntchito pansi. Safuna kuperekezedwa, akuti si mwana, ndipo mzere wa kumeneko umawasunga mpaka masana. Atangokhota kumapeto kwa msewu wathu, ine ndinapisa dzanja m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi, n'kutulutsa makiyi, n'kuimbira foni makaniko.

Mayi wa zidzukulu ngati ine, kuba makiyi! Koma tamvani chimene chinandifikitsa pamenepo.

Sabata yatha msuweni wanga Mesi anatumiza uthenga wa mawu kuchokera ku Dedza. Mesi ndi mwana wa azakhali aNambewe, mlongo wawo wa ababa, yekhayo wotsala wa bere limodzi ndi iwo. Ine ndi Mesi sitinaonanepo, timangodziwana mawu pafoni. Iye anati: "Msuweni, amayi mutu wayamba kusokonekera. Tsiku lina amatidziwa tonse, tsiku lina amandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Koma dzina la amalume silichoka pakamwa pawo. Ngati akufuna kudzawapeza akadali ozindikira, asachedwe."

Ndinawaikira ababa foni kukhutu, anamva uthengawo kawiri. Kenako anati, "Tipita. Tebo ya galimoto ikangokonzeka, tipita."

Yankho limeneli ndalimva kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Galimotoyo mutaiona pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, simungaicheukire kawiri. Ndi yotuwa, ya zitseko zinayi, mpando wakumbuyo wokwana ana anayi ndi dengu la tomato. Za mtundu wake zinali mbwee masiku amenewo, ankayendera ahedi a sukulu, abusa ndi makalaliki akuluakulu. Koma iyi inasiyana ndi zinzake. Opanga ake anatenga galimoto ya banja yomweyo n'kuiikira chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, kuti ikhale ndi mphamvu ya magalimoto a mpikisano. Kumbuyo kwake kuli kachilembo kakuti Turbo, ife timati tebo. Mukachotsa kachilembo kameneko, kaphiko kakang'ono pa buti ndi matayala otakata pang'ono, palibenso china chokuuzani kuti galimotoyi ndi yaukali.

Ababa anaigula kwa injiniya wina wa pamgodi amene ankachoka m'dziko muno. Iwo anali fita pamgodipo, munthu wokonza mapampu ndi makina a pansi, ndipo galimotoyo ankaidziwa mkati ndi kunja chifukwa Loweruka lililonse ndiwo ankakaisamalira kunyumba kwa bwanayo. Tsiku limene analowa nayo mukomboni, ana akuthamangira pambuyo, anatsika n'kumenya pa denga lake ndi chikhatho.

"Imeneyi si ya m'tauni," anatero. "Imeneyi ndi ya ulendo wa kumudzi."

Kumudzi anachokako ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bulangeti limodzi kumsana, mtunda wina wapansi, mtunda wina pamwamba pa lole. Anatsanzika kuti akukagwira zaka ziwiri. Lero tsitsi lonse ndi loyera ndipo sanapondekonso.

Zaka zonsezo mphamvu ya galimotoyo ndinaiona tsiku limodzi lokha. Ababa ankayendetsa pang'onopang'ono moti apanjinga ankatipatsa moni n'kufunsa za kunyumba tili paulendo. Koma Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinkapita kukaona abale ku Jumbo, ine ndi ana anga kumbuyo, malemu amayi kutsogolo. Pa msewu wowongoka uja wa m'minda ya malalanje ku Mazowe, basi ina inkatifukizira utsi kumaso. Ababa anatsitsa giya n'kuponda. Kwa kamphindi palibe chinachitika. Kenako munamveka kalikhweru kakang'ono kuchokera ku injini, ndipo china chake chinatikankhira tonse m'mipando, mitengo ya malalanje n'kusanduka mzere umodzi wobiriwira.

"Bambo a Esinati, mutipha!" anakuwa amayi atagwira duku kumutu.

Ababa ankangoseka, mano onse pamtunda. Sindinawaonepo akuseka choncho, kale kapena pambuyo pake. Basi itatsala kutali anabwezera galimoto ku liwiro lawo la masiku onse, n'kunena kuti, "Likhweru limeneli akalimve kwathu ku Linthipe."

Ndiye mufunsa kuti nanga sanapite bwanji? Chaka choyamba anati matayala. Chaka chachiwiri anati pasipoti, ndipo imeneyo inatiyendetsadi, pakuti chitupa chawo chinkati ndi mlendo m'dziko limene anasiyamo mapapo awo. Kenako amayi anadwala nthawi yaitali mpaka kutisiya. Maliro atatha, pasipoti itatuluka, tinasankha mwezi. Ku Dedza anauzidwa, azakhali anazira nyumba, anasunga ndi mbuzi. Kutatsala sabata imodzi ababa analowa m'nyumba akupukuta manja ndi kansanza.

"Tebo yafa," anatero.

Galimoto inkalira ndithu, inkayendanso, koma ulesi wokhawokha. Likhweru lija kunalibe, pa chitunda inkachita kukwawa. Ndinati ababa, tiyeni nayo choncho, tikafika mawa lake palibe kanthu. Ndinati kapena tikwere basi.

"Aikona!" anatero. "Ndinachoka kwathu pa lole, ndibwerere pa basi? Kapena pa galimoto yopitiriridwa ndi ngolo?"

Kuyambira pamenepo galimoto inabwerera pansi pa mtengo. Loweruka lililonse amaitsuka, amayang'ana oyilo, amailiza pang'ono n'kuizimitsa. Makorokoza a ku Kitsiyatota, anyamata okumba golide aja, akapeza mwayi amabwera kudzainyengerera, pakuti iwo kachilembo kaja amakadziwa tanthauzo lake. Ababa amawapatsa madzi akumwa n'kuwaperekeza pageti. Makaniko aliyense anamuletsa kuikhudza, akuti a masiku ano sadziwa kukonza, amangodziwa kusintha. Ine ndinapita ku Harare kawiri kukasaka tebo ina m'malo ogulitsa zitsulo zakale. Iliyonse imene ndinajambula n'kuwaonetsa, ankaiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti nambala yake si imeneyo.

Ndiye Lolemba lija ndinati zakwana. Azakhali sangadikire nambala.

Makaniko amene ndinamuitana ndi Farai, bambo wa ana atatu amene amakonzera magalimoto kuseri kwa depoti. Agogo ake anachokera ku Ntcheu, ndipo monga ambiri a msinkhu wake, Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chishona. Anatsekula boneti n'kupukusa mutu poona ukhondo wa mkatimo. Anamasula paipi imodzi, n'kulowetsa chala, n'kuzunguza kafani kakang'ono kamene kali mkati mwa tebo. Kanazungulira myaa, osakhula paliponse. Anakagwedeza uku ndi uku, sikanasunthe.

"Sisi," anatero, "tebo iyi haina kufa."

Akuti sinafe. Ndinati yang'anitsitsa, achimwene, mwini wake ndi fita, sangalakwitse. Anatenga tochi n'kuwerama mpaka mutu kulowa pakati pa zitsulo. Patapita kanthawi anandikodola kuti ndidzaone ndekha.

Anandifotokozera mwachidule, ndipo ngakhale ine wosadziwa za injini ndinamva. Pambali pa tebo pali kachitseko. Kakatsekeka, utsi wa injini umakankha kafani kaja, mphamvu n'kubwera. Kakatseguka, utsi umangodutsa, galimoto n'kukhala ngati ina iliyonse yotopa. Chimene chimagwira kachitsekoko ndi kandodo kachitsulo, ndipo kandodoko kamamangidwa ndi kapini kochepa kuposa chikhadabo. Pa galimoto ya ababa kandodoko kanali kolekana ndi kachitseko, kakulendewera pambali.

"Ndiye kuti kapiniko kanagwa panjira," ndinatero.

Farai anangosuntha tochi pang'ono.

Kapini sikanagwe. Kanali pomwepo, kopakidwa girisi, komangiriridwa ku kandodo kaja ndi waya wofiira. Wayayo anali wopotedwa katatu, nsonga yake yopindidwira mkati.

Kapotedwe kameneko ndakula nako. Kali pa geti lathu, kali pa chogwirira cha ketulo, kanali pa sutikesi imene ndinapita nayo kusukulu yogonera komweko. Ndi lamulo la mafita a mumgodi, ababa anatiphunzitsa tili ana: chilichonse chimene wamasula umachimangirira pafupi ndi pamene chachoka, kuti mnzako wa shifiti yotsatira akachipeze, ndipo nsonga ya waya umaipinda kuti isakamucheke dzanja mumdima. Munthu wina aliyense akanakataya kapiniko kuthengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma dzanja limene lazolowera ntchito silimva zonena za mwini wake. Ababa anaipha okha tebo yawo, n'kusunga kapini mwaulemu monga anaphunzirira.

"Ndoidzosera here?" anafunsa Farai, kutanthauza ngati abwezeretse. "Maminitsi maviri chete."

Mphindi ziwiri. Ndinati ayi, siya momwemo, boneti usatsekenso. Analongedza masipanala ake mwakachetechete. Pageti anatembenuka n'kunena kuti, "Musavapopotere, sisi." Akuti ndisawakalipire. Ndinamulonjeza, koma lonjezolo sindinasunge.

Ndinakhala pakhonde kudikira. Ndinaganiza za mbuzi ija ya azakhali, za maulendo anga a ku Harare, za pasipoti imene yatsala pang'ono kutha mulibe chidindo ngakhale chimodzi. Ndipo ndinaganiza za tonsefe, pakuti nthenda imeneyi si ya nyumba yathu yokha.

Kuno kumigodi ndi kumafamu kuli dzina limene achikulire athu amaliopa kuposa matenda: mtchona. Munthu amene anapita kukafuna ntchito n'kumira komweko. Pitani ku Jumbo, pitani m'makomboni a ku Mazowe, mukafunse mdala aliyense kuti kumudzi mupita liti. Palibe amene adzakuuzeni kuti sindidzapitanso. Wina akuti ndikangofolera nyumbayi. Wina akuti mdzukulu uyu akangolemba mayeso. Wina akuti mvula ikangotha, ndipo mvula ikatha akuti kwathu mwezi uno kumazizira zedi. Mapeto ake timawaika konkuno, ndipo pamanda wina amaimirira n'kutchula boma ndi mudzi umene anachokera, ana ake akumva dzinalo mwina koyamba.

Ndi kangati takwera pa mpando pogawa zovala za malemu, n'kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadilopu, n'kupezamo bulangeti latsopano likadali m'pepala lake, nsalu ziwiri, nsapato zachikazi zosaponda pansi? Katundu wa kumudzi. Mwini wake woti akalandire anamwalira kalekale, katundu akudikirabe ulendo.

Nanunso a kumudzi musasambe m'manja. Mumadziwa mmene mumalandirira munthu wochokera ku Halale. Maso amayamba afika m'manja mwake asanafike kumaso. Mkulu wina wa mpingo wathu analimba mtima, anakwera basi ndi kachikwama kamodzi. Patatha masabata awiri tinangomuona wabwera, wakhala pa benchi yake yakale. Za ulendowo sanafotokoze chilichonse, kupatula mawu amodzi: "Anandifunsa kuti katundu winayo akubwera liti."

Choncho ine ndinali nditaweruza kale. Ndinati ndi kunyada basi, matama a amuna. Ndinati ababa akuopa kuti galimoto yakalamba, kumudzi anyamata akuyendera zatsopano, akawaseka. Ndinakonza ndi mawu oti ndiwalase nawo.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, kapepala ka mankhwala m'manja. Atazungulira nyumba anaona boneti ili yasa. Anaima. Sanafunse za makiyi. Anayenda pang'onopang'ono, n'kusuzumira pamalo pomwe paja, osasakasaka, kenako anakhala pa njerwa zimene zili pansi pa mtengo.

"Waitana ndani?"

"Farai."

"Mnyamata uja ali ndi maso," anatero.

Pamenepo ndinaphulika. Mulungu andikhululukire, ndinakalipira bambo wondibala ngati ndikukalipira mwana. Ndinati zaka zisanu ndi zitatu mwakhala mukutipusitsa. Ndinati mlongo wanu akutha uko, akuitana dzina lanu, inu muli pano kupukuta galimoto yabwinobwino. Ndinati ngati ndi manyazi a galimoto yakale, nenani, tikabwereke ina. Ndinalankhula zambiri, zina sindingazilembe pano.

Anandisiya mpaka nditatopa. Anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa.

"Khala pansi, Esinati."

Ndinakhala pa muzu wa mtengo.

"Iwe umadziwa kuti amayi anga anamwalira msewu wa ku Tete utatsekedwa ndi nkhondo."

Ndinati inde, ndi mmene mwakhala mukutiuzira.

"Nkhondo inabwera pambuyo. Msewu unali wotseguka."

Anayang'ana manja awo, osati ine. Anati chaka chawo chachitatu pamgodi kunabwera kalata. Anawalembera ndi aphunzitsi a kumudzi, koma mawu anali a Elube, ndilo dzina la azakhali la paubwana. Nthawiyo Elube anali kamtsikana. Kalatayo inati amayi akudwala, akukufuna, bwera. Mwezi womwewo ababa anali atangochotsedwa pa fosholo n'kupatsidwa ntchito yonyamulira fita chikwama cha masipanala. Aliyense mukomboni ankaifuna ntchito imeneyo. Ukachokapo sabata imodzi, umapeza pali wina.

"Ndinati ndimalize mwezi uno, ndigule bulangeti la amayi. Mwezi utatha ndinati ndionjezere wina, ndipite ndi njinga. Kalata sindinayankhe, ndimati ndikayankha ndi miyendo. Yachiwiri inandipeza ndili pa shifiti. Inati amayi tinaika Lachisanu, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankati awagoneke moyang'ana kumsewu."

Nkhuku inadutsa pakati pathu ikutolatola.

"Ndinasankha sipanala, mwana wanga. Elube anatsala yekha ndi ang'ono ake. Ine ndiye ndinali mwinimbumba. Anakwatiwa ine kulibe. Ana ake anakula opanda malume, maukwati awo anaimiriridwa ndi anthu obwereka. Ang'ono athu anapita mmodzimmodzi, dothi sindinaponyeko. Chaka chilichonse mlandu unkakula, ndiye ndinkati ndipite ndi chinthu chachikulu chofanana nawo."

Analoza galimoto ndi chibwano.

"Iyi ndinagula kuti anthu akayang'ane galimoto, asakayang'ane ine. Koma kutatsala sabata ija ndinaona kuti galimoto ikakaima pabwalo, likhweru likatha, ndiyenera kutsekula chitseko n'kutsika. Ndiye Elube akandigwira dzanja kukandilozera manda, ndikanena chiyani?"

Mawu onse amene ndinakonza aja anali a mlandu wina, osati uwu. Ndinalira, awerengi, ndinalira ngati maliro a agogo angawo achitika dzulo, ndipo ababa ndi amene ankanditonthoza.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikufunsa za tebo. Nambala yake ndinailoweza pamtima. Koma za mayi amene anabala bambo anga sindinafunsepo ngakhale kamodzi. Kuti anali aNachisale, kuti ankaumba miphika, kuti ankayenda motsimphina mwendo wakumanzere, zonsezi ndazidziwa Lolemba lomweli, ndili ndi imvi kale. Ife ana obadwira kuno timaseka achikulire athu ndi nyimbo yawo ya "tipita chaka chamawa", timawagulira mankhwala, timawatsukira zovala, koma ndani wa ife anakhalapo pansi n'kufunsa kuti ababa, kumudziko mukuopako chiyani?

Ndimaganiza kuti machona onse anatsekeredwa ndi umphawi. Ena inde. Koma tsopano ndikukayika. Mwina ambiri mwa madala amene timawaona atakhala padzuwa kunja kwa makomboni ali ndi kalata yawo imene sanayankhe. Ndipo inu amene muli kumudzi, ngati muli ndi wanu kuno amene wakhala akulonjeza osabwera, musamufunse kuti abweretsa chiyani. Musamufunsenso kuti anachedwa kuti. Mutumizireni mawu oti mlandu palibe, angobwera. Mwina akudikira mawu amenewo, osati matayala.

Lachiwiri m'mawa ndikusesa pabwalo ndinamva kulira kwa chitsulo kuseri. Ndinapeza ababa atawerama mu injini, pulayala m'manja, magalasi ali pamphuno. Manja awo amanjenjemera masiku ano, kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Koma waya uja anaumasula osaudula, kandodo anakakoleka pamalo pake, kapini n'kulowa kuti thwa. Sindinathe n'komwe kutsamiritsa tsache pakhoma, ntchito inali itatha.

Anandipatsa makiyi, ulendo uno ndi dzanja lawo.

"Uyendetsa ndiwe. Maso anga atha."

Tinakaiyesa pa msewu wa ku Mazowe. Pamalo owongoka anandiuza kuti nditsitse giya ndiponde. Mphamvu inabwera yonse, ngati galimotoyo sinagonepo tsiku limodzi pansi pa mtengo. Ndinacheuka kuti ndione nkhope yawo. Sanaseke. Anangoti, "Yakwana. Bwerera, ukamuimbire Mesi."

Tinagwirizana za Loweruka. Njira ndinaifunsa kwa oyendetsa malole: Shamva, Mutoko, chipata cha Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, kenako kukwera mapiri mpaka ku Dedza. Akuti mukanyamuka mbandakucha, zipata zikakukomerani mtima, mumakagona kumudzi. Ulendo wa tsiku limodzi, abale anga. Ndinawafunsa kawiri kuti mwina sindinamve bwino.

Mesi atamva analira pafoni, kenako anaseka, kenako anati akabwereka foni yoonetsa nkhope kwa aphunzitsi oyandikana nawo, kuti amayi ake ayambe aona mlongo wawo asanafike. Mpaka nthawi imeneyo ababa ndi azakhali ankangomvana mawu, kawiri kapena katatu pachaka, moni ndi za mvula basi. Nkhope sanaonanepo chichokere.

Lachitatu masana ababa anameta ndevu, anavala jekete ya kutchalitchi, n'kukhala pampando pakhonde, msana uli chilili. Ndinawagwirira foni patsogolo. Chithunzi chinayamba chagwedera, kuoneka denga la udzu, kenako phazi la munthu, kenako mayi wokalamba wowonda atakhala pamphasa, atafunda nsalu mpaka m'khosi. Mphumi ndi ya ababa yeniyeni, ngakhale makutu.

"Amayi," anatero Mesi mokweza, "onani apa. Achimwene anu aja a ku Halale."

Azakhali anasendeza nkhope pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo awa ndi a kuti?"

"Elube," anatero ababa. "Ndine Jailosi."

Azakhali anaseka pang'ono, kuseka kwaulemu kumene timasekera mlendo akalakwitsa nyumba.

"Iyayi, agogo. Jailosi wathu ndi mnyamata."

Mesi anayesa kuwakumbutsa, anatchula dzina langa, anatchula za Loweruka. Iwo anamukankha dzanja pang'ono kuti asawasokoneze, maso ali pa ababa.

"Koma mwati muli ku Halale? Ndiye mwina mumamudziwa. Wamtali, wosekaseka, amagwira ku mgodi. Chonde mukamuona mukamuuze kuti amayi akudwala, akumufuna. Kalata tinalemba, koma sakuyankha."

Ababa anagwira mkono wanga umene unanyamula foni kuti chithunzi chikhazikike. Anawerama pang'ono monga amachitira polankhula ndi munthu wamkulu.

"Ndimamudziwa, mayi. Ndikamuuza. Abwera Loweruka."

"Afulumire," anatero azakhali.